Gulu la pa foni ndi moto wa pa siwa

Munthu akapuma ntchito makalata a ku ofesi amasiya kubwera, koma nkhani za anzake amene anaphunzira nawo sizisiya. Zimangosintha mtundu. Pa zaka 30 zoyamba umamva kuti uje wakwezedwa, uje wapita kunja kukawonjezera maphunziro, uje wakwatira kachiwiri. Zikadutsa zimenezo, nkhani zimakhala za shuga, za kuthamanga kwa magazi, za mdzukulu amene wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndi za maliro. Kuno kwa Kaomba, m'midzi yozungulira tauni ya Kasungu ndi phiri lake, nkhani zoterezi zimayenda njira ziwiri. Ina ndi gulu la pa WhatsApp la anthu amene anali kalasi imodzi kapena sukulu imodzi. Ina ndi pa siwa, pamene madoda amachezera pa moto kudikira kuika mnzawo m'mawa mwake. Ambiri amati yachiwiriyi ikutha ndipo foni yalowa m'malo mwake. Ine ndikuona kuti njira zonse ziwiri zili moyo, kungoti sizinyamula katundu wofanana.

Anthu ake ndi ochuluka kuposa mmene mlendo angaganizire. Kasungu inayamba kale kutumiza ana kusukulu, kuyambira masiku a mishoni ya ku Chilanga, ndipo ambiri mwa iwo ukalamba unawabwezera kumudzi. Alipo aphunzitsi akale a T3 ndi T2 amene anasulidwa ku William Murray ku Nkhoma kapena ku Loudon, anthu amene mpaka lero salemba kalata yopanda deti ndi adiresi pakona. Alipo alangizi a zaulimi amene anadutsa ku Colby pa Chitedze, ndi ena amene anapita ku Bunda italowa mu Yunivesite ya Malawi mu 1967. Yunivesiteyo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira 90 okha, ndipo otsala a gulu limenelo ali ndi zaka za m'ma 80 tsopano. Amene anaona Chancellor College ikusamukira ku Zomba mu 1973 adutsa 70. Ngakhale ana oyamba a Kamuzu Academy, amene analowa pachipata cha ku Mtunthama mu 1981, lero ali ndi imvi: ena akwana kale zaka 60 zopumira ntchito m'boma, ena akuwerenga miyezi. Mukaonjezerapo a ku Chayamba ndi a ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu, mupeza kuti ndi midzi yochepa imene ilibe nkhalamba yosunga satifiketi pansi pa sutikesi.

Wophunzira wakale amene maganizo ake anaonekera kwambiri m'boma lino ndi Kamuzu mwini wake. Anayamba sukulu ku Mtunthama, n'kupitiriza ku Chilanga, n'kuchoka wapansi ali mnyamata kulowera ku Rhodesia ndi ku Joni. Anamaliza udokotala ku Meharry ku America mu 1937, ndipo anabwerera kwawo pa 6 Julaye 1958 patapita zaka zoposa 40. Zimene ankaganiza za sukulu sanazilembe m'kalata yopita kwa anzake. Anazimanga ndi njerwa pa Academy ija, pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankati anaphunzirira pansi pake: mwana aphunzire Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi achokere kunja, ana anzeru a boma lililonse alowe ulere. Ena ankati ndi nzeru zakuya, ena ankati ndi kumwaza chuma pamene ana a sukulu za pulayimale zoyandikana nayo ankakhala pa fumbi. Mkangano umenewo sunathe, ndipo boma litasintha mu 1994 sukuluyo inasanduka yolipira. Nkhalamba zinazi zilibe chuma chonga chake choti zimangire maganizo awo. Zili ndi foni ndi siwa basi.

Gulu la pa foni limayamba ndi munthu mmodzi wosatopa, kawirikawiri wa ku Lilongwe kapena wa kunja, amene amasaka manambala kwa ana ndi kwa alamu mpaka kalasi yonse itapezeka. Sabata yoyamba ndi ya phwete ndi misozi. Zithunzi zakale zimatuluka m'masutikesi: anyamata oonda a makabudula a kaki, atsikana a madiresi obisa mawondo monga lamulo la kavalidwe la 1973 linkafunira. Mayina a ku hositelo, amene akazi awo ndi ana awo sanawamvepo, amauka. Mkulu amene anakhalapo pa mpando waukulu m'boma amapezeka akuitanidwa ndi dzina limene analandira chifukwa chokanganira chikhokho cha nsima ku dainingi, ndipo naye amaseka. Kenako gulu limakhazikika pa chizolowezi chake. M'mawa ndi vesi ndi chithunzi cha duwa. Masana ndi uthenga wotumizirana wa masamba amene akuti amachiza shuga ndi matenda ena 20. Madzulo ndi ndale.

Pa liwiro palibe mpikisano. Munthu akatsirizika ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe 4 koloko m'bandakucha, isanakwane 6 koloko wa ku Leeds, wa ku Johannesburg ndi wa ku Chisemphere onse amva. Kale tinkadalira mauthenga achisoni a pa wailesi ya MBC, kapena telegalamu imene inkagona ku positi ofesi mpaka wina atapita ku boma, ndipo anthu ambiri ankamva za imfa ya mnzawo manda atamera kale udzu. Pa ndalama napo foni yapambana. Msungichuma amaika nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba, mndandanda n'kuyamba: dzina, ndalama, kachizindikiro kobiriwira. Pofika madzulo ya bokosi yakwana, ya mafuta a galimoto yonyamula thupi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 wa msewu wa M1 yakwana, n'kutsala ina ya chipepeso. Tisanamizane, mndandandawo umagwira ntchito chifukwa cha manyazi. Palibe amene amafuna kuti dzina lake likhale lopanda kanthu kutsogolo kwake pamene mnzake amene ankamuposa masamu waponya K50,000. Koma manyazi amene amagula bokosi labwino sindingawanyoze.

Mphamvu ya magulu amenewa inaonekera bwino mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo boma linachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana pamodzi. Amene nthendayo inkawatenga kwambiri anali a msinkhu womwewu, a shuga ndi a magazi othamanga. Kugona pa siwa kunali kuika moyo pachiswe. Masabata amenewo maliro ambiri a anthu ophunzira anakhuzidwa pa foni, ndipo nkhalamba zimene zinkanyoza foni zamakono kuti ndi zoseweretsa za ana zinapempha adzukulu awo kuti aziphunzitse kutsegula uthenga.

Vuto la nkhani za pa foni ndi lakuti mwini wake ndiye amasankha. Aliyense wa kuno amadziwa belo la fodya limene mlimi waika masamba okongola kunja n'kubisa makhakha pakati; nkhani za m'gulu zimadindidwa chimodzimodzi. Timaona mwana atavala gauni, nyumba yatsopano ya ku Area 49, ulendo wokaona adzukulu ku Manchester. Palibe amene amalemba kuti penshoni imatha mwezi usanafike pakati, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Palibe amene amalemba kuti mwana wamkulu anabwerako ku Joni ndi chikwama chokha, kuti nyumba ya m'tauni anagulitsa kuti alipire ngongole, kapena kuti maso asiya kuona ndipo uthenga amawawerengera ndi mdzukulu. M'gulu la anthu 60 olankhula amakhala ochepa, ndipo ndi omwe aja zinthu zinawayendera. Enawo amawerenga chete. Ndiye pali amene sali m'gulumo n'komwe: a foni ya mabatani, amene alibe ya bandulo, amene amatchajitsa kwa mnyamata wa sola pa golosale kawiri pa sabata. Ambiri mwa amenewa ndi omwe anabwerera kumudzi, aphunzitsi a pulayimale ndi alangizi. M'gulu mayina awo amatchulidwa koyamba tsiku limene amwalira.

Pa siwa zinthu zili mwina. Mnzake wa malemu amafika madzulo pa kabaza kapena pa njinga yake yakale, atavala jekete lija ankavala polandira oyendera sukulu. Amagwada kwa anamfedwa, kunena kuti pepani ndi zovutazi, n'kupita kumene kwakhala amuna. Mipando ndi ya mafumu ndi akuluampingo. Ena onse ndi pa njerwa ndi pa zipika. Moto wake masiku ano ndi wa bulugamu ndi zitsononkho, poti mitengo yachilengedwe yambiri inathera m'mabalani ndi m'zigafa. M'nyumba amayi a Chigwirizano akuimba mosinthana ndi kwaya. Pamenepo palibe chosankha choonetsa. Mwendo umene ukukoka ukuoneka. Dzanja limene likunjenjemera polandira kapu ya tiyi likuoneka. Nsapato zikunena zawo. Wina akafuna kukometsa kuti ana akumusamala bwino, mphwake wakhala pomwepo ndipo akuyang'ana pansi. Moni wa pa siwa ndi wautali, ndipo ukafika pa funso lakuti nanga kunyumba, yankho limabwera pang'onopang'ono: mayi aja anatisiya chaka chatha, simunamve? Usiku ukamakula ndi pamene zenizeni zimatuluka, za amene anapenga, amene anathawa ngongole, amene analandidwa munda ndi abale a mkazi wake mkaziyo atamwalira, nkhani imene amuna okhala chikamwini amaidziwa bwino.

M'mawa mwake pamabwera mbiri ya malemu, ndipo imeneyi ndiyo nyuzipepala ya ophunzira akale ya kumudzi. Mwana wa mlongo wake amaimirira ndi pepala long'ambidwa m'kope. Anabadwa chaka chakuti. Anayamba sukulu pakuti, anakhoza mayeso a Sitandade 8, anasankhidwa kupita kwakuti. Anaphunzitsa sukulu zakutizakuti, ndipo mayina a sukuluzo amawerengedwa onse, kuyambira kumalire a Zambia mpaka kufupi ndi Bua. Anapuma ntchito chaka chakuti, wasiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Anzake akale, amene moyo wawo wonse anali kuchonga makope, satha kudziletsa. Amanong'onezana kuti ayi, chaka chimenecho anali asanakhale T2, ndipo ku sukulu ija sanachoke mwakufuna kwake. Mbirinso imakometsa, n'zoona. Sunamvepo mbiri ikunena kuti malemu ankakonda kachasu. Kusiyana kwake n'kwakuti omvera onse akudziwa zimene zadumphidwa, ndipo anazikamba kale usiku.

Koma siwa ili ndi chilema chimene sichingakonzeke. Imasonkhanitsa kalasi pamene mmodzi wachoka. Zonse zimene anzake amva usikuwo, zakuti anadwala miyezi isanu ndi umodzi, zakuti anasowa ya thiransipoti yopitira ku chipatala, zamveka nthawi yothandiza itatha.

Nkhani ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi maganizo, chifukwa nkhalamba yophunzira siingakhale opanda choweruza, ndipo kuno chiweruzo chilichonse chimakafika ku fodya. M'gulu la pa foni, wa ku Bunda amene anagwira ntchito m'mabungwe akunja amalemba uthenga wautali m'Chingerezi chosalala. Amati dziko lapansi likusiya kusuta, Malawi yemwe anavomereza mu 2023 pangano la bungwe la WHO lochepetsa fodya, ndipo dziko limene limapeza pafupifupi theka la ndalama zakunja kuchokera ku mbewu imodzi likuyenda m'mphepete mwa phompho. Alimi alime soya, mtedza, mpendadzuwa. Anzake amayankha ndi tizala tovomereza. Zimene wanenazo ndi zoona, ndipo palibe chimene ataye ponena.

Mlangizi wopuma akanena mawu omwewo pa siwa, amawanena pamaso pa anthu amene mabelo awo ali pa mzere ku Chinkhoma, amene ali ndi ngongole ya feteleza ku kampani ya kontirakiti, amene chaka china anamvera malangizo n'kulima soya, mavenda n'kuwagula pa mtengo wolira nawo. Amamufunsa mwaulemu, akumutchula ndi mfunda wake: a Phiri, nanga fizi ya Fomu 3 tilipira ndi chiyani? Komanso pamotopo pali anthu okumbukira. Mpaka cha mu 1990 lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale ndi wa fuluu. Ameneyo anali wa maesiteti, a Press ndi General Farming ndi a akuluakulu ena, ndipo mwana wa m'mudzi akafuna kumugwira ankalowa utenanti. Amene ankayenda ndi mabuku kuona kuti lamulolo likutsatidwa anali ophunzira omwewa. Choncho mkulu wina sachedwa kukumbutsa, akusonkheza moto, kuti pamene fodya anali ndi ndalama munkatiletsa, lero tamuzolowera mukuti timusiye. Mlangizi amene wayankhapo funso limenelo maganizo ake amakhala olemera kuposa a mnzake wa pa foni, ngakhale Chingerezi chake chitachita dzimbiri. Amadziwa kuti mlimi salima fodya chifukwa chomukonda koma chifukwa ndi mbewu imene ili ndi msika wodziwika, ngongole ya zipangizo ndi ndalama yobwera pamodzi. Amadziwanso, poti anaona njala ya 2002 ikupha anthu m'boma lomwe lino la fodya, kuti ndalama imeneyo siiteteza nkhokwe.

Komabe ndisakokere mbali imodzi. Ulemu wa pa siwa umatsekanso pakamwa. Sungatsutse a gulupu pamaso pa anthu awo, ndipo sunganene za ana amene amajomba kusukulu nyengo yosoka fodya pamene mwini chigafa wakhala pambali pako ndipo ndi iye wapereka nkhuni. Mu Novembala 2019 dziko la America linaimitsa fodya wa Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi yokakamiza anthu ntchito, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'malamulo a ntchito. Nkhani zimenezi m'magulu a pa foni zinakambidwa poyera, ndi ukali womwe. Pa moto zimadutsa chamumtima, wina n'kutsokomola, wina n'kufunsa za mvula. Kutalikira kumapeputsa maganizo, koma kumapatsanso munthu ufulu wonena chimene wapafupi akuopa.

Pa nkhani ya sukulu mbali zonse ziwiri zimayamba ndi nyimbo imodzi: maphunziro anatsika. Wa pa foni amajambula kalata yofunsira ntchito ya mwana wa digiri n'kuzunguliza zolakwa zake ndi chofiira. Wa pa siwa amati mwana wa Fomu 4 wa lero sangafanane ndi wa Sitandade 6 wakale. Onse amaloza chaka cha 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana n'kuchuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, boma n'kulemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji. Amalozanso 1998, pamene masukulu ophunzira mwa makalata aja anasandutsidwa sekondale zoyendera, zambiri zilibe labotale kapena laibulale. Zonsezi zinachitikadi. Koma m'gulu la pa foni aliyense ndi wosankhidwa, ndiye palibe wokumbutsa kuti sukulu yabwino ija inali ya anthu owerengeka. Pa siwa wokumbutsayo alipo. Wakhala pa njerwa yoyandikana ndi ya aphunzitsi: mnzawo wa ku pulayimale amene anabwereza Sitandade 8 katatu, kusintha ndi dzina lomwe, osasankhidwa, mpaka bambo ake anati fizi yakwana, tiye kudimba. Iyeyo akamva kuti maphunziro anatsika amayankha mosakweza mawu kuti adzukulu ake onse amadziwa kuwerenga, pamene alongo ake sanapondeko m'kalasi. Mawu amenewo sathetsa mkangano, chifukwa kalasi ya ana 100 pa mphunzitsi mmodzi ndi yoipabe. Koma munthu amene wawamva salankhulanso za masiku akale mmene ankalankhulira.

Pali malo amodzi pamene foni yapambana kotheratu, ndipo amuna sitikonda kupatchula. Amayi amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anali ochepa, ndipo anavutikira malo awo kuposa ife. Pa siwa, mayi amene anayendetsapo sekondale yonse kapena wodi ya chipatala amakhala m'nyumba pa mphasa, kapena kuseri pa mapoto, ndipo pa bwalo la madoda safika. Maganizo ake pa za fodya kapena za sukulu samveka, pokhapokha atapatsidwa mpata wolankhula m'malo mwa mpingo. M'gulu la pa foni mayi yemweyo amadula mnzake wamwamuna pakati pa mfundo, kumukonza chiwerengero, ndipo kawirikawiri ndi iye amene amasunga thumba, popeza onse amadziwa kuti kwa iye ndalama sisowa. Amene amati zonse zakale zinali bwino afunse amayiwa.

Za ndale ndingodutsa. Gulu la pa foni limasweka chaka cha chisankho chilichonse. Mu 2019 ndi 2020 anthu amene anagonera chipinda chimodzi zaka zinayi anatukwanizana mitundu, wina n'kutuluka m'gulu, adimini n'kumubwezamo, iye n'kutulukanso. Pa siwa sungatuluke. Munthu amene wakangana naye pakati pa usiku ndi yemwe unyamule naye nkhata masana. Ndipo m'badwo uwu, umene unakula ndi makadi a chipani ndi a Payoniya, ukafika pa dzina la munthu wamkulu umatsitsabe mawu, ngakhale papita zaka zoposa 30 chichitikireni riferendamu ya 1993.

Ndikaika zonse pa sikelo, chiweruzo changa n'chakuti foni ndi yabwino podziwitsa ndi posonkha, siwa ndi yabwino podziwa munthu. Ndikafuna kumva kuti mnzanga wamwalira, ndidalira foni. Ndikafuna kudziwa mmene ankakhalira, ndipita pa siwa. Maganizo a pa foni ndimawamvera chifukwa cha kulimba mtima kwake, a pa siwa chifukwa eni ake amakhala ndi zotsatira zake. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti njira ziwirizi, ngakhale zimasiyana chonchi, zimakumana pa bokosi. Gulu limene limasonkha ya maliro tsiku limodzi limatenga masabata kusonkha ya mankhwala, ndipo nthawi zambiri silidziwa n'komwe kuti pakufunika mankhwala, chifukwa wodwalayo ndi mmodzi wa owerenga chete aja kapena sali m'gulumo. Za sukulu imene inawalera ndiye zimathera pa komiti. Alipo magulu amene anagulapo mabuku ndi kukonza hositelo, ndipo ayamikike, koma ambiri akafika pa funso la amene asunge ndalama nkhani imazizira mpaka maliro otsatira.

Palinso chinthu china chimene chikutayika mbali zonse. Anthu amenewa ndi mboni. Anaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikutha mu 1963, anaphunzitsa pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ena anaona anzawo a kumpoto akulamulidwa kubwerera kwawo mu 1989 n'kusiya makalasi opanda aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Alangizi akudziwa mmene maesiteti anapezera malo amene lero anthu akukanganirana. Zimenezi pa foni zimakwiririka pansi pa maluwa a m'mawa, ndipo foni ikatayika zapita. Pa siwa zimanenedwa kamodzi, 2 koloko usiku, kwa anthu asanu amene akusinza. Mbiri ya pa pepala la m'kope ija imasunga zaka ndi mayina a sukulu okha.

Ndiye mawu anga apite kwa inu a m'magulu, makamaka inu ma adimini amene muli ndi luso losaka anthu. Mndandanda wotsatira usakhale wa chipepeso. Lembani mayina a onse a m'kalasi mwanu amene sali m'gulumo, mufufuze amene ali moyo ndi kumene ali. Pa thumba lanu patulani kagawo ka amoyo, ka mankhwala a shuga, ka magalasi a maso, ka thiransipoti yopitira ku chipatala. Mmodzi wa inu amene ali pafupi ndi Kasungu akwere kabaza akawaone pa khonde pawo masana, atenge ndi mdzukulu wodziwa kujambula mawu pa foni, awafunse za ku William Murray, za ku Colby ndi za maesiteti. Mupite mwezi wa Okutobala usanathe, chifukwa mvula ikayamba misewu ya kumidzi imavuta ndipo eni ake amakhala ali kumunda kuwokera fodya.